Chingwa si Chingwe

Foni imandidzutsa kusanache
m'kachipinda kanga ka lendi ku Mufakose:
mawu makumi anayi akukudikira lero.
Ndimawatembenuza ndi chala ngati zitumbuwa m'chiwaya,
kumaso Chishona, kumsana chathu.
Ndikakhoza, kakadi kamakagona masiku asanu ndi anayi.
Ndikalakwa, kamabwerera madzi osamba asanatenthe.

Miyezi isanu ndi itatu osadumpha tsiku.
Foni ikuti ndasunga mawu zikwi ziwiri.
Koma dzana pa golosale yapakona
ndinapempha chingwe chomwera tiyi.
Mnyamata wogulitsa, mdzukulu wa munthu wa ku Dedza,
anaseka mpaka kugwira kauntala:
Chingwa, achimwene. Buledi kuno ndi chingwa.
Chingwe mukamangire mbuzi kwanu.

Ndiye ndinapita ku Mbare, pokwerera mabasi,
kumene Zeliya Mkwapatira amagulitsa zikwama za apaulendo.
Ndinaima pambali theka la ola kumumvetsera.
Ananenerera mtengo m'Chishona,
anatonthoza mwana wa ku Bulawayo m'Chindebele,
anakalipira dalaivala wa ku Tete m'Chipwitikizi
dalaivalayo mpaka kuvula chipewa,
kenaka anatembenukira kwa ine m'Chichewa cha ku Ntcheu
chopanda ndi banga lomwe.

Ndinafunsa: inu akatswiri,
kodi mumaloweza mawu ndi timakadi ta m'foni?

Anamaliza kaye kuwerenga chenji.
Liwu lililonse lili m'kamwa muno ndinalilipira, anatero.
Tsiku lomwe ndinafika, ludzu litandiwamba,
mayi wina anandifunsa ngati ndikufuna mvura,
ine n'kuyang'ana kumwamba, mu Seputembala, kopanda kamtambo,
msika wonse n'kugwa ndi phwete.
Kuyambira apo sindinaiwale kuti mvula yawo imakhalanso m'kapu.
Manambala a Chipwitikizi anandilowa
tsiku lomwe anandibera mabulangete atatu pa malire.
Liwu lomwe silinakuchititse manyazi ndi mlendo,
limagona usiku umodzi n'kulawira.

Ndinabwerera ndi mtima wofufuta zonse.
Chala chinafika pomwepo. Sichinadinde.

Patapita milungu itatu ndinakaona mnzanga ku Parirenyatwa,
ndipo pa benchi la m'khonde, pansi pa babu yophethira,
panali Zeliya, wopanda mpango, maso ofiira,
foni yosweka galasi ili m'manja,
chala chikutembenuza, chikutembenuza.
Itsvo. Impso.
Chiropa. Chiwindi.
Rwatata. Apa anaima, milomo ikufunafuna.

Sanachite manyazi nditamupeza.
Bambo a kunyumba ali mkatimu, anatero.
Mwana wanga ndiye wandiikira timakaditi.
Zaka makumi awiri pamsika
palibe anandigulapo kapamba kapena ndulu.
Anamwino amalankhula akuyenda,
ndipo muno ndilibe mpata wolakwa kaye
kuti ndidziwe mawa.

Anandipatsa foni. Tandifunsa iwe, maso atopa.
Ndinamufunsa mpaka belu lotulutsa alendo.
Rwatata anaphonya kanayi.
Kachisanu analitchula ngati dzina la munthu
amene anamukongoza ndalama.

Mu kombi yobwerera foni yanga inanjenjemera m'thumba:
atsala khumi ndi asanu ndi awiri.
Ndinaisiya ilire.
Pambali panga mtsikana amakangana ndi kondakitala,
ndipo pakati pa mkanganowo panagwa liwu
lomwe ndinali ndisanalimvepo,
lalifupi, lakuthwa, lomwe linatontholetsa galimoto yonse.
Ndinalinyamula pa lilime kuyambira ku Kambuzuma
ngati khala la moto lopempha kwa aneba,
kulibwereza chamumtima pa bampu iliyonse.

Ndalilemba pa kakadi katsopano.
Kumsana kwake kudakali koyera.
Mawa ndikafunsa mnyamata wa pa golosale,
ndipo ndikudziwa kale kuti akaseka.